Chigamba cha OpenSSL ndi makontena osamva apt

Sabata ino yanditopetsa, makamaka Lachiwiri. Lolemba zinali za masiku onse: ma backup, printa ya ku akaunti, anthu oiwala ma password. Tonse maso anali pa OpenSSL, pulogalamu yoteteza mauthenga odutsa pa intaneti, poti eni ake anachenjezeratu kuti pa 1 November 2022 atulutsa 3.0.7 yotseka bowo loopsa. Itatuluka anati vutolo lachepako kusiyana ndi mmene ankaopera, komabe kutseka kunali kofunika.

Ma seva a Ubuntu 22.04 sanandivute n'komwe. apt upgrade (apt ndi chida choikira ndi kukonzera mapulogalamu pa Ubuntu), kudzutsanso ma service, basi. Pa seva libssl, gawo la OpenSSL lomwe mapulogalamu ena amadalira, imakhala imodzi, ukaikonza ndiye kuti mapulogalamu onse oidalira akonzeka.

Makontena a Docker, omwe amayendetsa pulogalamu payokha pamodzi ndi zonse zomwe imafuna, ndi amene anandigoneka ku ofesi. Iliyonse imasenza libssl yakeyake m'kati mwa image (phukusi lomwe kontena imapangidwira), kumene apt ya pa seva siifika. Ndinalowa imodziimodzi ndi docker exec kufufuza version. Ina inamangidwa pa Ubuntu, ina pa Alpine, ina ilibe ngakhale shell yoti ulowere. Imene inandiwawa kwambiri ndi ya malipiro a antchito. Kampani yomwe inatigulitsa imangopereka image, Dockerfile, fayilo ya malangizo omangira image, amakaniza. Kuika chigamba m'kati n'kutunga madzi ndi dengu, chifukwa kontena ikangopangidwanso zonse zafufutika. Nditawalembera anayankha Lachinayi, akuti akuonabe.

Ndiye pali nkhani ya intaneti. Chigamba cha apt ndi ma MB owerengeka, pomwe image yatsopano imafika mazanamazana. Magetsi ankazimazima chiwonongekereni Kapichira mu 2022, dizilo wa jenereta anali wochita kupempha. Usiku wa Lachiwiri Docker Hub, komwe timakopera ma image, inatikana ndi uthenga wa toomanyrequests, chifukwa opanda akaunti amaloledwa ma pull (kukopera image) 100 okha pa maola 6, ndipo ofesi yonse timatulukira pa IP imodzi.

Mabwana anavomera makontenawa atauzidwa kuti ndi osavuta kuika. Zoona, kuika sikuvuta. Koma palibe anafunsa kuti bowo likapezeka wokonza ndani. Registry yathuyathu yosungiramo ma image ndinaipempha kalekale, yankho n'loti bajeti palibe.

Lachitatu ndi Lachisanu zinapita ndi kuyeretsa /var/lib/docker yomwe inadzaza disiki. Kontena ya malipiro ikadali ndi libssl yakale. Ndaitchinga ndi malamulo a iptables (otsekereza olowa kudzera pa netiweki) mu gawo la DOCKER-USER, poti ma port amene Docker watsegula amadumpha ufw, firewall ya Ubuntu, ndipo malipiro a mwezi uno adzadutsa momwemo.