Kazembe amene amakhulupiriridwa kwawo ndi kwa eni ake

Anthu ambiri amamudziwa kazembe kudzera pa zithunzi za m'nyuzipepala, pamene akupereka kwa mtsogoleri wa dziko makalata omutsimikizira pa udindo wake, kapena pamene akugwirana chanza ndi nduna atasainirana mgwirizano. Kwa ine, chimene chimamupatsa kazembe mphamvu zenizeni ndi chakuti akalankhula, eni dziko limene akukhalamo amamukhulupirira, ndipo akalembera kwawo, amene anamutuma amakhulupiriranso zimene walemba. Ubale wa malonda, wa chitetezo ndi wa chikhalidwe umamangidwa pa kukhulupirirana kumeneku.

Pangano la ku Vienna la chaka cha 1961, limene linayamba kugwira ntchito mu 1964, limafotokoza ntchito za ofesi ya kazembe m'ndime yake yachitatu. Kazembe amaimira dziko lake, amateteza nzika zake, amakambirana ndi boma limene lamulandira, amatsatira zochitika m'dzikomo mwa njira zololedwa ndi malamulo n'kumadziwitsa boma la kwawo, komanso amakulitsa ubale pa zachuma, chikhalidwe ndi sayansi. Pangano lomweli limanenanso kuti munthu asanatumizidwe, dziko lokamulandira liyenera kuyamba lavomereza dzina lake, ndipo lili ndi ufulu womukana kapena womuuza kuti achoke nthawi ina iliyonse popanda kupereka chifukwa. Choncho kazembe, ngakhale kuti sangamangidwe ndi apolisi a dzikolo, amagwira ntchito yake mwa chilolezo cha eni ake, ndipo akataya ulemu wawo, amangotsala ndi nyumba ndi mbendera.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri pa za chitetezo ndi ya Anatoly Dobrynin, amene anali kazembe wa Soviet Union ku Washington kuyambira 1962 mpaka 1986. M'chaka chake choyamba, boma la kwawo linaika mizinga ya nyukiliya pa chilumba cha Cuba popanda kumuuza, ndipo iye anakhala akutsimikizira akuluakulu a ku America kuti kulibe zida zoterozo. Zithunzi zojambulidwa ndi ndege zitaulula zoona mu Okutobala 1962, mawu ake anapepuka pa nthawi imene anafunika kulemera koposa. Boma limene limabisira kazembe wake zoona limawononga chida chake chomwe. Komabe usiku wa pa 27 Okutobala, Robert Kennedy, mchimwene wake wa pulezidenti wa America John F. Kennedy, anakumana ndi Dobrynin yemweyo mwachinsinsi n'kumuuza kuti America idzachotsa mizinga yake ya Jupiter ku Turkey pakapita miyezi ingapo, malinga nkhaniyo isalengezedwe poyera. Dobrynin anatumiza uthengawo ku Moscow, ndipo tsiku lotsatira mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, analengeza kuti achotsa mizinga ku Cuba. Lonjezo la mtundu umenewo silikanatheka kulinena pa wailesi. Linafunika munthu wokhala pafupi, wodziwika nkhope, amene akanalifikitsa kwawo popanda kuwonjezera kapena kuchotsera.

Pa malonda, ntchito yambiri ndi yosaoneka ndipo siisangalatsa olemba nkhani. Katundu amaima pa doko chifukwa chakuti chikalata chotsimikizira kuti mbewu kapena nyama zilibe matenda sichikuvomerezeka, wamalonda amalephera kupita ku chionetsero chifukwa visa yachedwa, kampani imalipitsidwa msonkho kawiri pa phindu limodzi, ndege sizingatere chifukwa palibe mgwirizano wa maulendo a pandege. Kazembe ndi alangizi ake amadziwa ofesi yoyenera kugogoda ndiponso dzina la mkulu amene angamasule vutolo. Pamenepa mpamene ndimaona kuti yesero lalikulu lili, chifukwa kazembe amafuna kukopa anthu odzaika chuma m'dziko lake, ndipo n'kosavuta kulonjeza magetsi osazima kapena ziphaso zotuluka msanga pamene iye mwini akudziwa kuti sizili choncho. Wamalonda wonamizidwa kamodzi amauza anzake, ndipo amene adzabwere pambuyo pake pa udindowo amapeza zitseko zitatsekedwa kale.

Chikhalidwe ena amachiyesa chokongoletsera chabe, koma mbiri ya France ndi Germany imatsutsa maganizo amenewo. Mayiko awiriwa anamenyana nkhondo zitatu pakati pa 1870 ndi 1945. Mu Januwale 1963, atsogoleri a mayikowa, Charles de Gaulle wa France ndi Konrad Adenauer wa West Germany, anasainirana pangano la Élysée, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe loona za kuyenderana kwa achinyamata a mayiko awiriwo, limene lathandiza anthu mamiliyoni kuphunzira chilankhulo cha anzawo ndi kukhala nawo m'mabanja mwawo. Wophunzira amene ofesi ya kazembe yamupezera malo a sukulu lero akhoza kudzakhala nduna pakatha zaka makumi atatu, kazembe amene anasaina kalatayo atapuma kalekale.

Chifukwa cha zonsezi, sindisangalala ndi chizolowezi chothamangira kuitanitsa kazembe kapena kutseka ofesi yake mayiko akangosemphana. Nthawi zina palibe kuchitira mwina, monga pamene Britain inathetsa ubale ndi Libya mu 1984, wapolisi Yvonne Fletcher atawomberedwa ndi mfuti kuchokera mu ofesi ya kazembe wa Libya ku London. Koma kawirikawiri mkangano ndi nthawi imene kazembe amafunika kuposa masiku onse. America ndi China zinalibe ubale wa ukazembe kwa zaka zambiri pambuyo pa 1949, komabe akazembe awo anakhala akukumana kuyambira 1955, poyamba ku Geneva kenako ku Warsaw, maulendo opitirira 130 mpaka 1970. Misonkhano yambiri inkatha osagwirizana kanthu, ndipo wina akanatha kunena kuti kunali kutaya nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Njirayo inakhalabe yotseguka, ndipo m'misonkhano yomaliza ya mu 1970 munamveka nkhani yotumiza nthumwi yaikulu ku Beijing, pulezidenti wa America Richard Nixon asanapite kumeneko mu Febuluwale 1972.

Ngakhale kumene ubale unaduka kotheratu, maboma amasowabe wowanyamulira mawu. America ndi Iran zinathetsa ubale mu Epulo 1980, pa nthawi imene ogwira ntchito mu ofesi ya kazembe wa America ku Tehran anali atagwidwa ukapolo, ndipo chaka chomwecho Switzerland inavomera kuimira zofuna za America m'dzikomo. Kuchokera pamenepo, mauthenga ofulumira a chitetezo ndiponso nkhani za nzika za America zomangidwa ku Iran zakhala zikudutsa m'manja mwa kazembe wa dziko lachitatu.