Nangozo waswa sabata ya chionetsero

Lolemba pakalendala ya kukhitchini panali ntchito imodzi yokha, kuwenga zikhadabo za llama zathu, koma bondo langa lakumanzere linali litayamba kale kudandaula ndisanavale n'komwe nsapato. Llama, nyama yaubweya ya ku South America yooneka ngati kangamila kopanda linunda, ilibe ziboda ngati ng'ombe. Ili ndi zala ziwiri, kunsi kwake kachikopa kofewa, ndipo chala chilichonse chili ndi chikhadabo chimene chimakula n'kupindika ukachilekerera. Kwawo ku mapiri a Andes miyala imaziperepesa yokha. Kwathu kuno kufupi ndi Redmond, pakati pa Oregon ku America, msipu ndi wothirira, nthaka n'njofewa, ndiye ntchito ya miyala ija inagwera ine ndi mayi a kunyumba. Llama 19, miyendo inayiinayi, zikhadabo ziwiriziwiri. Tinayamba ndi zinayi zopita kuchionetsero Loweruka, tinaonjezapo zitatu, msana n'kuti basi.

Ndili ndi zaka 68. Ndinakulira ku Dedza ndikuthamangitsana ndi mbuzi za agogo, kenako zaka 26 ndinathera mu labotale ya chipatala ku Portland ndikuyeza magazi a anthu. Nditapuma pantchito ndili ndi zaka 61 tinagula malo ano ndi llama zazikazi zitatu. Anzanga a kutchalitchi anaseka mpaka misozi, ndipo kunena zoona sankaseka pachabe. M'ma 1980 llama inali chuma kuno. A Dick ndi a Kay Patterson a ku Sisters, mtunda wa mphindi makumi atatu kuchokera pano, anali ndi mazanamazana, ndipo yaikazi yabwino inkagulidwa madola masauzande ambirimbiri. Kenako msika unagwa chagada. Kalembera wa zaulimi wa boma la America anapeza llama pafupifupi 145,000 mu 2002, pofika 2017 zinali zosakwana 40,000. Ife tinafika pabwalo gule atatha, ng'oma atazipachika. Ubwino wake, n'chifukwa chake munthu wa penshoni ngati ine ndinakwanitsa kugula.

Lachiwiri tinayesa Nachisale ngati anatenga bere. Llama siikhala ndi nyengo yofuna mphongo monga mbuzi. Dzira limatuluka ikakweredwa. Ndiye pakatha masabata awiri umabweretsanso mphongo. Yaikazi ikagwada pansi, dziwa kuti zinakanika. Ikapinda makutu, kutukula mutu n'kumuthira malovu obiriwira ochokera m'mimba mwenimweni, pali chiyembekezo, dokotala adzatsimikiza ndi makina ounikira m'mimba. Ndinatsogolera Mfumu ndi chingwe, akubwera akulira kukhosi gululu-gululu monga achitira akaona mkazi. Nachisale anamuyang'ana kamodzi, n'kugwada bwinobwino ngati wafika pamphasa. Kachitatu tsopano.

Wachinyamata zoterezi amangoti tidzayesanso. Ine ndimawerengera zina. Bere la llama limatenga masiku pafupifupi 350, mwana amabadwa mmodzi, ndipo wamkaziyo uyenera kumudikira zaka ziwiri kuti naye akweredwe. M'badwo umodzi ndi zaka zitatu. Pazaka zisanu ndi ziwiri zimene ndakhala pano ndangoona mibadwo iwiri, ndipo sindikudziwa ngati mawondo awa adzandilola kuona ina itatu. Ukalakwitsa kusankha mphongo, wataya chaka chathunthu, ndipo zaka zotaya zinandithera kalekale.

Lachitatu cha m'ma 9 koloko m'mawa mayi anandiitana ali pawindo. "Bambo, tabwerani mudzaone Nangozo. Kudya sakudya." Anali atapatuka pagulu, akupita pamulu wa ndowe kawirikawiri osachita kanthu (llama zonse zimachitira pamalo amodzi, n'chifukwa chake manyowa ake savuta kuwola), akung'ung'udza chapansipansi, mchira uli m'mwamba. Tsiku la 346 la bere lake. Ine ndinkayembekeza kuti adikira tibwereko kuchionetsero. Llama kawirikawiri zimaswa masana, dzuwa lili pamwamba, ndipo amati zinazolowera kumapiri kumene mwana wobadwa usiku angaume ndi chisanu. Pakwana 11 koloko panatuluka kamphuno, kenako timiyendo tiwiri takutsogolo. Nangozo anaswa chiimirire, mwana akulendewera khosi lalitali lija lili psete, mpaka anagwera paudzu, phi! Zinzake zonse zinathamangira kudzanunkhiza mlendo. Mayi wa llama sanyambita mwana wake, amangomununkhiza n'kumamuimbira, ndiye ndinamupukuta ndi thaulo, kuchotsa kachikopa kopyapyala kumphuno, kuviika mchombo m'mankhwala. Pasikelo makilogalamu 11. Ndinatukula kamwendo kuti ndione.

Kamphongo.

Ndisaname, mtima unagwa. Nangozo ndiye wamiyendo yowongoka kuposa onse m'khola muno, ndipo ndinadikira chaka ndikulota kamsoti kake. Mayi anandiona nkhope n'kunena kuti, "Mwayamba kale kukwiyira mwana asanaime n'komwe?"

Kuima kanaima pasanathe ola. Kuyamwa ndiye ayi. Kankafufuza kukhosi, kumiyendo yakutsogolo, ngakhale pakona ya khola, kulikonse kupatula pamene pali bere. Ndinachotsa timaphula totseka nsonga za mawere, ndinakama pang'ono n'kukapaka pamlomo. Kanangonyambita. Apa ntchito yanga yakale siindipatsa mtendere, chifukwa ndimadziwa zimene zikuchitika m'magazi. Kamwana ka llama kamabadwa kopanda chitetezo, chonse kamachitenga mumkaka woyamba uja wachikasu, ndipo matumbo ake amalandira chitetezocho tsiku loyamba lokha, makamaka maola oyambirira. Pamene inkakwana 3 koloko ndinatulutsa mufiriji mkaka woyamba wa mbuzi umene timasungira tsiku ngati limeneli, kuufunditsa m'madzi otentha, n'kukamwetsa ndi botolo pang'onopang'ono. Usiku tinkasinthana, maola awiriawiri. Kuno ngakhale mu June usiku kumazizira, ndiye tinakaveka kajekete.

Lachinayi m'mamawa ndinakapeza kali pansi pa mayi wake, mchira uli ngwee m'mwamba, kakuyamwa. Ndinaitanabe dokotala wa ziweto adzatenge magazi, tione ngati chitetezo chinalowa chokwanira. Chikachepa amakathira madzi a m'magazi a llama ina. Zotsatira zinabwera madzulo, zili pamalire koma zokwanira. Bilu yake sindinena.

Botolo lija ndinalibisa tsiku lomwelo. Mdzukulu wathu anabwera ndi mayi ake, akufuna kukanyamula ngati kamwana ka galu, ndipo ndinachita kumuletsa mpaka analira. "Agogo ndinu oipa." Kamphongo kozolowera botolo ndi manja a anthu kamakula kakuyesa munthu ndi llama inzake. Kakafika makilogalamu 150, ndi mano akuthwa aja omenyera amene amamera pazaka ziwiri kapena zitatu, kamakugunda ndi chifuwa monga kachitira ndi mphongo inzake. Ndinaonapo bambo wina atathyoledwa nthiti ndi llama imene ankagona nayo pakhonde ili yaing'ono. Chikomekome cha mkuyu.

Lachisanu tinagwirizana kuti mayi atsale ndi Nangozo, ine ndipite ndekha ndi ziwiri m'malo mwa zinayi. Ndalama zolembetsera ziwiri zinazo zinapita choncho. Ndinauzira fumbi muubweya ndi makina amphepo, kutola tizitsotso ndi zala, kusambitsa, kuumitsa. Masana ndinakweza Tadala ndi Phwitiko mungolo, zinagwada pansi monga zichitira galimoto ikangonyamuka, ndipo tinadutsa Santiam Pass kutsikira kuchigwa cha Willamette.

Zionetsero zoyendera malamulo a Alpaca Llama Show Association zili ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Kwina amaona thupi, atazigawa potengera msinkhu ndi kuchuluka kwa ubweya. Kwina amaona khalidwe: kuwoloka kamlatho, kubwerera chambuyo, kulumpha, kulola kugwidwa phazi. Tadala, wa chaka chimodzi, analowa m'gulu la zaubweya wapakatikati, zisanu ndi ziwiri m'bwalo. Woweruza anatiyendetsa kupita ndi kubwera, anasisita msana, anayang'ana mano, kenako anaima kumbuyo kwa Tadala nthawi yaitali kuposa mmene ndikanafunira. Nambala 4. Pofotokoza pachimkuzamawu anayamikira khosi ndi makutu opindika ngati nthochi, n'kunena kuti mfundo za miyendo yakumbuyo zayandikana. Ndinafuna kukwiya, koma ndi zimene ndakhala ndikuziona m'khola n'kumayang'ana kumbali. Tadala ndi mwana wa Mfumu, ndipo ana atatu a Mfumu onse ali choncho. Ndinamugula chifukwa cha ubweya wake wonyezimira ndili mlendo pantchitoyi, osayang'ana pansi.

Phwitiko, wothena wazaka 12, ndiye anandipukuta misozi. Anadutsa zopinga zonse ngati akupita kumsika. Amene analakwitsa ndine, ndinapunthwa potsika kamlatho. Tinakhala achiwiri, kumbuyo kwa kamtsikana ka 4-H, bungwe la achinyamata lophunzitsa zaulimi, kamene nditha kukhala agogo ake. Pokhoma khola madzulo kunabwera mlimi wa nkhosa amene nkhandwe za kuno, ma coyote, zamutha ana a nkhosa. Akufuna wothena mmodzi woti azilondera. Mmodzi yekha, chifukwa zikakhala ziwiri zimangocheza zokha n'kuiwala nkhosa. Ndalama za udzu wa m'nyengo yozizira zimachokera kwa anthu ngati ameneyu ndi kwa amadimba ogula manyowa, osati kumaliboni.

Ndisananyamuke Lamulungu ndinapita kukhola la mayi wina wa ku Washington amene mphongo yake inapambana gulu lake. Ndinaipempha iyende ndikuiona kumbuyo, kawiri. Tinagwirizana mtengo wokweretsa.

Ndinafika kunyumba dzuwa likulowa. Kamphongo kaja kanali kakuthamanga mozungulira msipu, khosi kutsogolo, miyendo yakumbuyo yowongoka ngati ya mayi wake; bambo wake si Mfumu, Nangozo tinakamukweretsa kwina. Pasikelo makilogalamu 12. Mayi anali atakapatsa kale dzina, Alendo.

"Nanga Mfumu?" anafunsa tikudya.

"Athenedwe. Mlimi wa nkhosa uja atenga Chimtengo wothena uja, Mfumu alowe m'malo mwake kwa anyamata."

"Mwachedwa nazo zaka zitatu, Bambo."

Ndinatenga kope la khola. Nangozo akhoza kukweredwanso pakatha masabata atatu, ndiye kumayambiriro a July ulendo wa ku Washington. Ndinawerenga masiku 350 ndi chala pakalendala, chala n'kukaima pa June wa chaka chamawa, sabata imene ndidzakwanitse zaka 69. Ndinalemba ndi pensulo. M'munsi mwake ndinalembanso: zikhadabo, zatsala 12.