Sindinagone ayi, ndimajambula

Chithunzi chimene msuweni wanga waponya pagulu la WhatsApp chija, ndili chafufumimba pansi pa mtengo ngati thumba la chimanga logwa pa lole, ndichifotokoze ndekha musanayambe zanu zija.

Munali mu Okutobala pa Africa Unity Square, bwalo la pakati pa mzinda wa Harare ku Zimbabwe, mitengo ya jakaranda itayoyola maluwa mpaka pansi ponse kuli pepo yekhayekha. Odziwa kujambula angakuuzeni kuti chithunzi chojambula uli chiimire ndi cha pachiphaso, chokoma umachipeza ukatsika. Ndiye ndinatsika. Poyamba chogwada, kenako chigongono pansi, mapeto ake mimba yonse. Mawu oti ndidzalembe pansi pa chithunzicho ndinali nditawakonza kale masiku awiri, ndikufufuta ndi kulembanso m'kombi yochokera ku Mbare: "Mvula ya ku Harare imayamba ndi maluwa." Nenani zoona, si mawu amenewo?

Ndili pansi pomwepo, gogo wina wa chikwama chachikulu anaima, nasuzumira pafoni yanga, n'kuwomba m'manja.

"Wagona, mwanangu!"

Ine mwaulemu wonse wa kwathu ku Zomba ndinati, "Ayi agogo, sindinagone, ndikujambula."

"Wagona!"

"Sindinagone. Onani, maso ali gwa."

Ndinawatong'olera maso kuti aone okha. Bambo wa zaka 41, malaya ositidwa, mimba pa maluwa, kutong'olera maso nkhalamba yosaidziwa pakati pa tauni. Iwo anangogwedeza mutu mokoma mtima n'kubwerezanso, ulendo uno mokweza kuti ndimve bwino, ngati kuti vuto langa ndi makutu. Anaitananso bambo wina wogulitsa nyuzipepala. Naye anayang'ana foni, nayang'ana ine: "Aah, magona, mudhara." Apa tsopano mtima unayamba kutentha. Kwathu akakuuza kuti wagona ndiye kuti anzako adya kale, iwe watsala ndi mbale. Anthu awiri, mboni zokwanira kukhoti, akundinena kuti ndine wogona pamaso pa nyumba yakale ya malamulo!

Ndinadzuka theka, dzanja limodzi pansi, kuti ndiwalongosolere mbiri ya banja lathu, kuti m'mtundu mwathu mulibe ogona. Dzanjalo linakatera pa njuchi. Maluwa akugwawa njuchi zimawakonda, zimenezi palibe anandiuza.

Nthawi yonseyi msuweni wanga, wobadwira ku Mbare, wodziwa Chishona ngati madzi akumwa, anali atatsamira benchi misozi ili chuchuchu. Anadikira mpaka chala chitatupa ngati chinangwa ndiye n'kumati, "Achimwene, kuno kugona ndi kukhoza. Amakuyamikirani." Kugona kwathu kuja iwo amati kurara.

Tsono ndiweruzeni. Mawu amodzimodzi, kalembedwe komweko, ungowoloka Zambezi basi ulesi wasanduka luso. Ndikanadziwira kuti? Komanso uyu anabwera nane kuti azindimasulira, m'malo mwake anatulutsa foni yake n'kujambula ine. Choimirira, popanda n'kuwerama komwe, ndipo ndi chimene mwachikonda anthu 60 inu.

Changa chija ndinachiyang'ana madzulo. Maluwa akuoneka ndithu, pakona. Kwinako ndi nsapato ya gogo.

Mawu aja ndikadali nawo, ngati alipo ali ndi chithunzi cha jakaranda.