Mmene ndinawasakira azimayi m'milandu ya ku London ya m'ma 1300

Amene mukufuna kufufuza za azimayi m'makhoti a mumzinda wa London zaka za m'ma 1300 ndi 1400, ine ndinayenda chonchi. Musayambe ndi zolemba zakale za pa zikopa za m'Chilatini, mudwala mutu. Ndinalowa kaye pa webusaiti ya British History Online, pali ma Plea and Memoranda Rolls oyambira 1323, zolemba za milandu ya kwa meya ku Guildhall, likulu la akuluakulu a mzindawu, ndipo anaifupikitsa kale m'Chingelezi.

Vuto ndi loti ukasaka dzina la mzimayi lokha umapeza zochepa kwambiri, chifukwa lamulo la ku England nthawi imeneyo mkazi wapabanja samasumira yekha, amabwera limodzi ndi bambo akunyumba, ndiye mlembi amayamba ndi dzina la mwamuna, la mayi kumapeto, ngakhale mowa wofulula kapena ngongoleyo ili ya mayiyo. Ndiye ine mu kope langa ndimalemba dzina la mwamuna, ntchito yake ndi chaka, kenako nkumulondola mpaka atamwalira. Apo mpomwe mayi uja amatulukira poyera, wamasiye tsopano, akutolera yekha ngongole za malemu, kusumira anthu, kusunga chuma cha ana.

Kenako ndinapita ku Liber Albus, buku la miyambo ya mzindawu lomwe John Carpenter, mlembi wa mzindawu, anasonkhanitsa mu 1419. Umu ndi momwe ndinamvetsa zoti London inali ndi kachitidwe kakekake, mkazi wapabanja amene akuchita geni payekha mwamuna osalowererapo amayankha yekha mlandu wa geniyo, akaluza ndi iyeyo wolowa m'ndende mpaka alipire, katundu wa mwamuna osakhudzidwa. Ena amati umenewu unali ufulu, ine ndikuona kuti unalinso mtolo wolemera, ndipo zimandikhudza.

Nkhani yomwe ndinaiwerenga mobwerezabwereza ndi ya 1368, azimayi opanga zinthu za silika anakadandaula kwa meya kuti Nicholas Sarduche, wamalonda wochokera ku Italy, akugula silika yense nkukweza mtengo. Analibe bungwe lovomerezeka ngati la azibambo, koma anagwirizana nkukafika kwa akuluakulu.

Musataye nthawi kuwasaka pa mpando woweruza, kumeneko kunali azibambo okhaokha, kupatula pomwe khoti laitana amayi akuluakulu kuti aone ngati mkazi wogamulidwa kunyongedwa alidi woyembekezera. Sakani pa milandu ya ngongole, ya ndewu ndi ya chuma cha masiye, ndipo dzina lililonse muliyese masipelo angapo chifukwa alembi amalemba mmene amvera.