Tsiku limene mlendo anakhala mwininyumba pa kompyuta yanga

Kashopu kanga kuno ku Mayfair, mu Joni, kali ndi makompyuta asanu ndi pulinta imodzi. Anthu amabwera kudzapulinta ma CV, kusikana mapasipoti, ena kudzalemba mndandanda wa katundu amene akutumiza kumudzi pa basi. Ambiri ndi akwathu, a ku Mangochi, a ku Machinga, a ku Mzimba. Munthu akakhala pa kompyuta ndimamulowetsa pa akaunti ya alendo, yopanda mphamvu yoika pulogalamu kapena kusintha kanthu. Pasiwedi ya admin ndimaidziwa ndekha. Kwa zaka ndithu ndinkagona tulo tabwino, ndikumati pakhomo ndatseka.

Anandidzidzimutsa ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta ndipo Loweruka amabwera kudzandithandiza. Tsiku lina makasitomala kulibe, iye anakhala pa kompyuta ya pakona, ya Ubuntu (mtundu wina wa Linux, yogwira ntchito m'malo mwa Windows) ija ndinagula kwa mkulu wina amene ankabwerera kumudzi, ndipo chigulireni sindinaipangepo update. Anangoti, "Amalume, tabwerani muone." Analowa ngati mlendo wamba, n'kutaipa timizere tingapo, ndipo mphindi isanathe kompyuta inamulandira ngati root, ndiye kuti mwini wake wa zonse. Pasiwedi sanandifunse. Anatsegula foda imene ndimasungamo mapasipoti osikanidwa a anthu. Kunali kozizira, kuzizira kwa Juni wa ku Joni kuja, koma ine thukuta linali kamukamu.

Bowo limene analowera limatchedwa PwnKit, nambala yake CVE-2021-4034. Lili m'kapulogalamu kotchedwa pkexec, ka mu polkit (pulogalamu yopereka zilolezo pa kompyuta), kamene kamabwera kale m'ma Linux ambiri. A kampani ya Qualys anaulula za bowoli mu Januware 2022, koma linakhala momwemo kuyambira 2009. Zaka zoposa khumi anthu akungodutsa pomwepo osaliona! Akatswiri amatchula mabowo a mtundu umenewu kuti privilege escalation. Ine ndimawafanizira ndi munthu wochita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba, amene watola makiyi a nyumba yonse. Geti sanathyole, anali kale m'bwalo. Kwa ena wakubayo amalowa m'bwalomo kudzera pa imelo yabodza kapena pulogalamu yobedwa imene munthu watsitsa pa intaneti. Kwa ine n'zoipa koposa, chifukwa ndimamutsegulira ndekha, n'kumupatsa mpando, iye n'kundilipira R10.

Ndinkaganiza kuti vuto ndi Linux. Mnyamatayo anaseka. Anandikumbutsa za PrintNightmare, bowo la mu Print Spooler, mbali ya Windows yoyendetsa zopulinta, limene linasokoneza anthu mu Julayi 2021, lopatsa munthu wamba mphamvu za SYSTEM, zimene zimaposa ngakhale za admin. Malangizo a nthawi imeneyo anali oti amene sagwiritsa ntchito pulinta azimitse Print Spooler yonseyo. Nanga ine ndizimitse bwanji, poti nsima yanga imachokera pa pulinta? Tinagwirizana kuti makompyuta awiri okha ndiwo azipulinta, ndipo pa ena a Windows tinaizimitsa. Makasitomala amadandaula akauzidwa kuti asamukire pa kompyuta ina. Adandaule.

Ndipo sizinathere 2021. Mu Epulo 2025 Microsoft inatseka bowo lina mu CLFS, mbali ya Windows yosunga kaundula wa zochitika, ndipo inanena yokha kuti akuba a ransomware, aja amatseka mafailo a munthu n'kufuna dipo, anali atayamba kale kuligwiritsa ntchito. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene akuba amakondera mabowo amenewa. Akaunti ya alendo singatseke mafailo a kompyuta yonse kapena kuzimitsa antivirus. Wakuba ayenera kukwera kaye.

Mabowo amene amalengezedwa mwezi uliwonse ndi ambirimbiri, munthu wa shopu sungawatsatire onse. Bungwe la boma la America lotchedwa CISA linayamba mu Novembala 2021 kusunga mndandanda wa mabowo okhawo amene zatsimikizika kuti akuba akuwagwiritsa ntchito, ndipo PwnKit inalowamo mu 2022. Mwana wa mlongo wanga amauwerenga mndandandawo, n'kunditumizira uthenga pa WhatsApp akaona chokhudza makina anga. Nthawi zambiri amangolemba kuti, "Amalume, lero musagone osapanga update."

Ndinene zoona, kale update ndinkaizemba dala. Imadya data, imachedwetsa ntchito, ndipo masiku a load shedding ndinkaopa kuti magetsi azima ili pakati, kompyuta n'kukana kuyaka. Ndinali nditazolowera kudina kabatani koti mawa. Pano ndinasintha. Microsoft imatulutsa zigamba zake, ma update otseka mabowo, Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo kuno zimafika madzulo. Choncho Lachitatu lotsatira ndimafika m'mamawa, ndisanakweze chitseko cha shopu, n'kupanga update makina onse. Chofunika chimene ndinkachiphonya n'kuizimitsa n'kuiyatsanso kompyutayo. Zigamba zambiri sizigwira ntchito mpaka utatero, ndiye munthu umangoyenda modzitama kuti watseka pamene loko ali lende.

Ya Ubuntu ija tinaikonza tsiku lomwelo. Pamene update inkatsika, mnyamatayo anayamba walanda kaye pkexec mphamvu yake yapadera polemba chmod 0755 /usr/bin/pkexec, njira yongoyembekezera chigamba chenicheni. Atayesanso timizere take tija, kompyuta inamukana. Ineyo ndinasiyanso kugwira ntchito za tsiku ndi tsiku ndili pa akaunti ya admin, ndipo munthu akabwera ndi fulashi n'kunena kuti, "Achimwene, tandiikireniko kapulogalamu aka ka ulere," ndimamukana mwaulemu. Mapasipoti osikanidwa ndimawafufuta madzulo aliwonse. Amene sanatenge ake adzasikanitsanso.

Chimene chikundisowetsa mtendere tsopano ndi makompyuta awiri akale a Windows 10. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina angawa ndi okalamba moti Windows 11 amaikana. Mnyamata uja akuti tiikemo Linux basi. Ine ndikuganizira amayi ena amene amabwera mwezi uliwonse kudzalemba kaundula wa chipereganyu chawo, ndipo sadziwa china kupatula Word. Pakadali pano imodzi ndaichotsa pa intaneti, yangotsala yotaipira makalata, ndipo inayo ili pansi pa tebulo yavundikiridwa ndi chitenje.