Nyali ya DPF yazima, ndipo wolakwa anali khoswe

Anzanga, nyali ya DPF, fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi ya dizilo, imene inkayaka pa galimoto yanga kuno ku England, yazima. Loweruka ndinaitulutsa motorhome, galimoto yanga yokhala ndi nyumba yogonamo, pa msewu waukulu wa M1 kuchokera ku Nottingham kulowera kumpoto, ndili pa giya ya 5 m'malo mwa 6 kuti injini izizungulira chapamwamba, ndipo ndisanafike pokhotera ku Chesterfield foni inayamba kuonetsa kuti kutentha kwa mu ekizozi kwafika cha m'ma digiri 600. Regen, kuwotcha mwaye wa mu fyuluta, inayamba yokha, popanda kuikakamiza ndi kompyuta ya kugalaji. Sindinaime mpaka nambala ya mwaye itatsika. Pobwerera ndinalumikizanso ka OBD, kachipangizo kowerenga kompyuta ya galimoto n'kuonetsa pa foni, code ya vuto palibe ngakhale imodzi, ndipo mphamvu yabwerera yonse.

Vuto linayamba nditangoitenga kufamu komwe imakhala nyengo yozizira. Imaima kumeneko kuyambira Novembala mpaka Malichi, m'mbali mwa shedi yosungiramo tirigu. Inalira bwinobwino, koma pasanapite nthawi nyali yachikasu inayaka, kenako injini n'kulowa limp mode. Uponde bwanji, siikoka. Pa chitunda chaching'ono ma lole amachita kukudutsa akuimba hutala. Ma code anali awiri: P2463, yonena kuti mwaye wadzadza mu fyuluta, ndi P2453, yokhudza sensa yoyeza mphamvu ya utsi.

Kugalaji ina ya pafupi anangoona P2463 n'kugamula kuti DPF yatha, pakufunika yatsopano, ndipo mtengo umene anatchula ndinangoseka n'kutuluka. Bambo wina wodziwa zamagalimoto anandinong'oneza kuti akhoza kuiboola fyulutayo mkati, kuichotsa zonse, n'kuinamiza kompyuta. Musayerekeze, abale. Kuyambira 2014 a MOT, oyeza magalimoto chaka ndi chaka kuno, amayang'ana ngati DPF ilipo, ndipo mu Meyi 2018 anakhwimitsanso: akaona kuti inadulidwapo n'kuwotchereranso popanda chifukwa chomveka, kapena ikutulutsa utsi wooneka, galimoto yalephera pomwepo. Kuyenda nayo pamsewu itachotsedwa ndi mlandu, chindapusa chake mpaka £1,000 pa galimoto yaing'ono ndi £2,500 pa van. Nanga a inshuwalansi atadziwa?

Ndiye ndinayamba ndekha. Mankhwala othira m'thanki aja, palibe chinasintha. EGR, valavu yobwezera utsi mu injini, ndinaimasula, ndinaipala mwaye wolimba ngati phula, kuibwezeretsa, nyali ili pompo. Sensa ndinagula ina n'kusintha, code n'kubwereranso ndisanatuluke n'komwe mu msewu wa kwathu. Madamu anafika pondifunsa ngati galimotoyo ndi yogonamo paulendo kapena ndi yoti ndizigona pansi pake.

Chimene chinanditsegula maso ndi live data. Ndinasiya kuwerenga ma code n'kuyamba kuyang'ana nambala yeniyeni imene sensayo ikutumiza. Injini ikungolira yokha, nambala inali pafupi ndi ziro. Kuponda mpaka singano ya injini itafika pa 2,500, nambala ili pomwepo, osagwedezeka. Apa m'pamene zinthu sizinkagwirizana. Fyuluta yodzadza mwaye imatsekereza utsi, ndiye kusiyana kwa mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwake kumayenera kukwera ukamaponda. Fyuluta yotseka singawerenge ziro. Tanthauzo lake n'lakuti utsiwo sunkafika n'komwe pa sensa. Ndipo kompyuta ikaona kuti sensa ikunena zosamveka imaimitsa regen, mwaye n'kumangounjikana. P2463 inali mwana chabe, mayi ake anali P2453.

Kuchokera pa fyuluta pamatuluka timapaipi tachitsulo, ndipo chakumtunda timalumikizana ndi tamphira tokalowa mu sensa. Ndi tochi tinkaoneka tabwinobwino. Ndinachita kulowetsa dzanja, mkono wonse kukanda pa zitsulo, n'kumatsata kamphirako ndi chala. Kumbuyo kwake, mbali yoyang'ana ku chitsulo cholekanitsa injini ndi kabini, chala chinalowa m'bowo. Nditakatulutsa, m'mphepete mwa bowolo munali timizere tiwiritiwiri ta mano, ndipo pa chinsalu chotchinga kutentha panali bwalo lakuda la mwaye pomwe utsi unkapemerera. Pamwamba pa bokosi la air filter ndinapeza mankhusu a tirigu, tizidutswa ta siponji ndi zitosi zake. Mkuluyu anakhala bwino nyengo yonse yozizira, nyumba yaulere, chakudya pafupi. Akanakhala mbewa ya kumunda bwenzi nkhani yake itathera pa mpani, koma khoswe sapindulitsa ngakhale atafa.

Kapaipi ka silicone kopirira moto, tomangira tiwiri, basi. Ndalama yake yosakwana ya chakudya chamasana. Musaikepo paipi ya mafuta wamba, pamenepo pamatentha, iuma n'kung'ambika. Ine zinthu zing'onozing'ono ngati tomangira ta stainless ndimatenga ku Screwfix chifukwa amatsegula m'mamawa ndipo sufunika kufotokoza zambiri, umangotchula nambala. Zokhudza injini ndimayamba ndafunsa kwa mdala wina wogulitsa zida za ma van ophwasula. Amakulola kulowa ndi sipanala yako n'kukamasula wekha, ndipo ine ndimaphunzira zambiri pomasula van ya eni ake yakufa kusiyana ndi kuonera mavidiyo.

Tsopano pa nthawi yonseyi mlamu wanga sanasiye kundiseka. Iye ali ndi Toyota Alphard ya petulo yochokera ku Japan, imene anaisandutsa kampa: bedi kumbuyo, kasinki, kachitofu, denga lotukula. DPF alibe, AdBlue (madzi ochepetsa utsi woipa wa dizilo) saidziwa, turbo palibe. Imakhala pakhomo mwezi wathunthu, akaitembenuza kiyi imalira, amapita nayo ku shopu n'kubwerera, palibe nyali imene imamuyakira. Funso lake tsiku lililonse: "Alamu, mukulimbanirana chiyani ndi dizilo?"

Ndaliganizira funsoli ndili chagada pansi pa galimoto, ndipo yankho langa n'lakuti iye akunena zoona pa galimoto yake, ine pa yanga. Injini ya dizilo ya masiku ano inapangidwira munthu woyenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku, wonyamula katundu uja. Fyuluta imafuna kutentha kwambiri kuti iwotche mwaye, ndipo kutenthako kumabwera ukayenda kwa nthawi pa msewu waukulu. Koma moyo wa motorhome ndi wotani? Kuima. Imaima miyezi, kenako kaulendo kakafupi kokaitsuka kapena kokayezetsa MOT, n'kuimanso. Palibe chimene dizilo amadana nacho kuposa chimenecho. Khoswe anangowonjezerapo, koma ngakhale popanda iye, mayendedwe athu a kampa ndi amene amadwalitsa ma injini amenewa.

Komabe pa chiwongolero nkhani imatembenuka. Yanga ndi ya 2012, yolemera mpaka makilogalamu 3,500 ikadzaza, yokhala ndi bafa ndi bedi la pamwamba pa kabini. Chinyumba chotere chimafuna injini yokoka ili pansi, ndipo dizilo wa turbo amapereka mphamvu yake yonse yokokera singano ya injini isanafike n'komwe pa 2,000. Pa Snake Pass, msewu wa A57 uja wa pakati pa Sheffield ndi Glossop, ndimakwera pa giya ya 4 tikucheza bwinobwino, injini ikungong'ung'udza. Petulo wopanda turbo amafuna umukwezere m'mwamba kuti akoke, ndiye pa kulemera kotere bwenzi ikukuwa chitunda chonse, mafuta akutsika ukuona. N'chifukwa chake kuno ku Ulaya motorhome zikuluzikulu pafupifupi zonse n'za dizilo, zambiri zomangidwa pa Fiat Ducato ndi abale ake Peugeot Boxer ndi Citroën Relay, amene kwa zaka zambiri akhala akutuluka m'fakitale imodzi ku Atessa, ku Italy. Ukafuna ya petulo ya saizi imeneyi umabwerera ku zakale ngati Talbot Express.

Koma Alphard ya mlamu, tinene zoona, imayenda mofewa. Ndinaiyendetsa popita ku Skegness ndipo pa maloboti ndinkachita kuyang'ana singano kuti ndidziwe ngati injini ikulira. Otomatiki, mpando ngati wa pabalaza, chiwongolero chosanjenjemera. Yanga m'mamawa kukazizira imagogoda mpaka makapu kumalira m'kabati, ndipo pa kampu umachita manyazi kuiliza anthu asanadzuke. Mwendo wa kilachi mumzere wa magalimoto umatopanso. Pa kufewa kokha, petulo wapambana, sinditsutsa. Pa pampu m'pamene mlamu amakhala chete. Dizilo kuno nthawi zambiri amakwererapo mtengo pa lita ngakhale msonkho wa boma uli wofanana, koma galimoto yake, yaing'ono chonchija, imamwa mafuta osasiyana kwenikweni ndi chinyumba changa chonse.

Kumene amandipweteka n'kumatauni. ULEZ ya ku London, dera lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, inafalikira mzinda wonse pa 29 Ogasiti 2023, ndipo malamulo ake amakomera petulo: ya petulo imangofunika muyezo wa utsi wa Euro 4, pomwe ya dizilo imafunika Euro 6. Yanga ndi Euro 5, ndiye ndikalowa ndi £12.50 pa tsiku. Ku Birmingham, komwe Clean Air Zone inayamba mu Juni 2021, ndi £8 ndikalowa mkatikati. Ku Glasgow ndiye kulibe zolipira n'kudutsa, ukalowa ndi galimoto yosayenera ndi chindapusa cha £60. Tangoganizani, galimoto ya petulo yakale kuposa yanga ikhoza kudutsa mwaulere, ine wa fyuluta yoyera ndikulipira. Tikapita kukaona abale ku London ndimaisiya kunja n'kukwera sitima.

Chinanso chimene ogula koyamba amaiwala ndi sikelo. Amene tinapeza laisensi kuyambira 1997 timathera pa makilogalamu 3,500, pokhapokha utakalemba laisensi ya C1, ya magalimoto olemera kuposa pamenepo. Injini ya dizilo ndi zonse zoizungulira n'zolemera, ndipo kulemerako kumadya gawo la katundu wako. Thira madzi malita 100, ndiye makilogalamu 100 apita. Onjezera silinda ya gasi, njinga ziwiri, mipando, thumba la ufa, mapoto a madamu, anthu anayi. Pitani pa sikelo ya magalimoto musananyamuke ulendo wautali, mudzadabwa.

Chimene sindingasinthanitse ndi chilichonse ndi hita ya dizilo. Imayamwa mafuta kuchokera m'thanki yomweyo ya galimoto, kapaipi kake sikafika pansi penipeni pa thanki kuti isakumalizire mafuta usiku, ndipo imatenthetsa m'nyumba monse popanda kukhudza gasi wophikira. Yanga ndi ya Eberspächer imene ndinaipeza momwemo. Za petulo ziliponso koma n'zosowa, ndipo mlamu amadalira magetsi a pa kampu. Kukazizira kwenikweni amabwera kudzamwera tiyi kwathu, za DPF osazitchulanso.

Izi zandikumbutsa Mazda Bongo Friendee imene ndinayambira, ya petulo V6, ya denga lodzitukula lokha ndi batani. Dzina lomwelo la ma minibasi akwathu aja, ngakhale thupi lake n'losiyana. Injini ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye pofuna kuona chilichonse umayamba watukula mpando. Ndi imene inandiphunzitsa kuchotsa mpweya m'mapaipi a madzi ndi fanulo, kukweza ndi kutsitsa, mpaka thermostat itatseguka. Ndinaikamo kabati ya pulaiwudi imene mpaka lero ndimainyadira. Ana atakula sitinkakwanamonso.

Ku America mkangano womwewu ulipo koma pa zimphona. Kumeneko motorhome za petulo zazikulu ngati basi zilipo zambiri, zomangidwa pa chassis ya Ford F-53, imene inkakhala ndi injini ya V10 ya malita 6.8 asanabweretse V8 ya malita 7.3 cha mu 2020. Injiniyo imakhala kutsogolo, pakati pa woyendetsa ndi mnzake, phokoso ndi kutentha zili pa bondo. Za dizilo amaika injini ya Cummins kumbuyo kwenikweni, galimoto n'kukhala pa matumba a mpweya, mabuleki a mpweya, ndi buleki ya ekizozi yothandiza potsetsereka. Ndiye kwa iwo ya dizilo ndi imene ili yachete ndi yofewa, mosemphana ndi kuno. Mtengo wake ndi umene umathawitsa anthu.

Zotsala pa yanga: lamba wa timing wayandikira nthawi yake, ndipo ndikufuna kusinthira limodzi ndi pampu ya madzi. Ndiyenera kutseka mabowo onse olowera m'chipinda cha injini ndi waya wa sefa, ndi kuika misampha kufamu kuja Novembala asanafike. Mwini famu akuti ali ndi amphaka awiri, koma ndinawaona, ndi onenepa kwambiri moti sangathamangitse kanthu. Ndipanganso zomaitulutsa pa motorway mwezi ndi mwezi ngakhale kuzizire bwanji.

Chilimwe chino tikuganiza za North Coast 500 ku Scotland, mamailosi 516 kuyambira ndi kuthera ku Inverness, ngakhale njira ya m'phiri ya Bealach na Bà tidzailambalala chifukwa makhotedwe ake si a galimoto yaitali chonchi. Mlamu akuti abwera ndi Alphard, tikayerekeze malisiti a mafuta pomaliza. Ndipo ganizo lija silinandichoke: kuikweza sitima mpaka ku Durban kapena Walvis Bay, n'kuyenda nayo pamsewu mpaka kukaima m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear. Chiwongolero chili kale kumanja, mbali ya msewu ndi yomweyo. Pakufunika matayala olimba, solar yowonjezera, ndi kulingalira bwino za dizilo wa m'njira, popeza fyulutayi inazolowera wa sulphur wochepa wa kuno, wa 10 ppm. Madamu akuti ndiyambe ndakonza chitseko cha bafa chimene chimatseguka chokha pa ma roundabout.