Mmene ndinadzalira nsungwi zakuda kuseri kwa nyumba

Nsungwi zakuda, zomwe akatswiri a zomera amazitcha Phyllostachys nigra, kwawo kwenikweni ndi m'chigawo cha Hunan ku China, koma kuno ku England zimapezeka pamakomo ambiri. Zogula m'miphika ya pulasitiki n'zodula kwambiri, choncho ine ndinakapempha mbewu kwa mnzanga wina amene ankapatulira zake m'mwezi wa Marichi, nthawi imene chisanu chimakhala chikutha koma mphukira zisanatuluke.

Ndisanakatenge mbewuyo ndinayamba ndakonza malo, ndipo ndikuona kuti imeneyi ndiyo ntchito yaikulu kuposa kudzala kwenikweniko. Nsungwi zimene ambiri tinazolowera kumudzi zimamera phata limodzi n'kukhazikika pomwepo. Zakudazi n'zosiyana, chifukwa zili ndi tsinde loyanga pansi pa nthaka lomwe limayenda cham'mbali, ndipo likapanda kutchingidwa limadutsa kunsi kwa mpanda n'kukaphukira pabwalo la oyandikana nawo nyumba. Ndinakumba ngalande yozungulira malo onse, yakuya masentimita 60, n'kuimikamo pulasitiki wochindikala wopangidwira ntchito imeneyi. Pamwamba ndinasiya masentimita 5 akuonekera, kuti tsinde likafuna kudumpha ndizitha kuliona. Polumikizira pake ndinapamanga mothina, popeza nsonga ya tsindeli ndi yolimba komanso yosongoka moti kampata kakang'ono kamaikwanira. M'katimo ndinatipula dothi n'kulisakaniza ndi manyowa owolerana bwino.

Posankha mbewu ndinakumba cham'mphepete mwa nsungwi za mnzangayo, kumene kumakhala matsinde a chaka chimodzi kapena ziwiri. Amenewa amaoneka achikasu chowala, ali ndi timizu tambiri toyera, ndipo pamfundo pake pali maso ofufuma. Okalamba amakhala oderako, ouma, maso ake atafota, ndipo sapindula kanthu. Ndinadula zidutswa zotalika masentimita 30, chilichonse chokhala ndi maso abwino osachepera atatu, pogwiritsa ntchito sowo chifukwa fosholo imaphwanya mfundo. Ndinazikulunga m'chiguduli chonyowa nthawi yomweyo, pakuti timizuti tikauma ndiye kuti mbewuyo yafa.

Kudzala kwake n'kofanana ndi kwa nzimbe: chidutswa chimagonekedwa chogona, n'kukwiriridwa ndi dothi lokwana masentimita 8 kapena 10. Ndinathirira kwambiri, kenako ndinaphimbira ndi masamba ouma. Chilimwe chonse ndinaonetsetsa kuti dothi likhale lachinyezi koma losadikha madzi, chifukwa pamalo a lowe tsinde limawola. Masamba akayamba kupindika masana, chimenecho chimakhala chizindikiro chakuti madzi achepa.

Chaka choyamba chimagwetsa mphwayi. Zimene zinatuluka zinali timphukira toonda ngati pensulo, tobiriwira, tosafika n'komwe m'chiuno, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti anamupatsa mtundu wina. Zoona zake n'zakuti nsungwi iliyonse yamtunduwu imatuluka yobiriwira, kenako imachita mawangamawanga oderako, ndipo imada bii m'chaka chake chachiwiri kapena chachitatu, makamaka ikamaombedwa ndi dzuwa. Komanso nsungwi imafika msinkhu wake wonse m'nyengo imodzi yokha, ndipo sinenepanso pambuyo pake. Zazitali ndi zonenepa zimabwera ndi mphukira za zaka zotsatira, tsinde lapansi likasunga chakudya chokwanira, n'chifukwa chake sindinadule timphukira toyambato ngakhale tinali tosaoneka bwino.

Tsopano zitakhwima, chaka chilichonse ndimachotsa nsungwi zoonda ndi zouma podulira pansi penipeni, ndipo ndimasadza nthambi zam'munsi kuti kuda kwake kuzionekera. Masamba oyoyoka ndimawasiya pomwepo kuti awole. M'mwezi wa Okutobala ndimayendera m'mphepete monse mwa pulasitiki uja ndikufukula ndi dzanja, ndipo tsinde lililonse limene lakwera pamwamba pake ndimalidula n'kulizula lonse lisanazike mizu kunja.